Amalume, foniyo musagulitse kaye

Amalume akuti mauthenga anga a mawu sakutseguka ku Lizuluko, ndiye ndawalemba apa momwe ndinayankhulira.

Eee, amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ine ndaswera, kungoti kuno ku Dedza lero kwazizira zedi, chifunga sichinachoke paphiri chiyambire m'mawa. Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'kalasi. Funso lanu ndalimva, zithunzi ziwiri mwatumizazo ndaziona. Kwa ena amene simunamve pagulu pano, amalume akuti foni yawo ikungotulutsa zotsatsa malonda, zina za kubetcha mpira, zina za zithunzi zosayenera, moti Lamulungu zinatulukira ali m'tchalitchi akufuna kutsegula vesi. Bandulo ya sabata ikutha masiku awiri. Mnyamata wokonza mafoni pamsika wawauza kuti yalowa vairasi, aiflashe kapena agule ina. Ndiye akufunsa kuti atani.

Amalume, musagule sabata ino, ndipo musapereke kuti aiflashe. Kuflasha kumafufuta zonse, zithunzi za chinkhoswe zija, manambala a anthu okugulani mbatatesi ngati munawasunga mufoni, zonse mbee. Ndipo pakatha mwezi mavuto omwewo abwerera, chifukwa chimene chinawabweretsa simunachidziwe.

Taonani chithunzi choyamba chija. Pamwamba pa uthenga wa kubetchawo, kumanzere, pali kachizindikiro kozungulira, pambali pake palembedwa kuti Chrome. Apo ndiye pagona nkhani. Imeneyo si vairasi ayi. Ndi tsamba lina la pa intaneti limene munalilola nokha kuti lizikutumizirani mauthenga. Musakane amalume, tonse tinachitapo. Munthu akutumizirani linki pa WhatsApp, akuti data yaulere, kapena akuti onerani mpira kwaulere. Mwadina. Patuluka kabokosi kofunsa kuti Allow kapena Block. Ena mwa masamba amenewa amanamiza dala, amati dinani Allow kuti tidziwe kuti ndinu munthu, kapena kuti kanema ayambe. Mukangodina basi mwamuuza wamalonda uja kuti azibwera kunyumba nthawi iliyonse, usana ndi usiku, osagogoda. Ndiye akubwera mpaka ku tchalitchi.

Kumuchotsa n'kosavuta, ndipo sikufuna ndi kwacha yomwe. Tsegulani Chrome. Pamwamba kumanja pali timadontho titatu, dinani pamenepo. Kenako Settings, mutsike mmunsi mupeze Site settings, kenako Notifications. Mupeza mndandanda wa masamba amene munawalola, maina ake achilendo, zilembo zosakanikirana ndi manambala, zosawerengeka n'komwe. Onsewo atsekeni limodzilimodzi. Inu palibe tsamba limene mukufunika kuti lizikuitanani, ndiye mukhoza kungozimitsiratu batani la pamwambalo kuti asamafunsenso. Mukachita chimenechi chokha, zambiri mwa zamanyazizo zitha lero lomwe.

Chithunzi chachiwiri ndiye chandiseketsa. Amalume, apu ya chizindikiro cha tsache ija, imene ikuti imayeretsa foni kuti izithamanga, anakuikirani ndani? Ndipo ya tochi ija? Foni yanu inabadwa ndi tochi yake, mukakoka sikirini kuchokera pamwamba ilipo. Mapulogalamu otere ntchito yawo yeniyeni ndi kukuonetsani malonda, ndiye chifukwa chake nthawi zina chotsatsa chimadzaza sikirini yonse musanatsegule chilichonse. Pitani ku Settings ya foni, kenako Apps, muyende nawo mndandanda wonsewo pang'onopang'ono. Wa tsache, wa tochi, wina aliyense woti amaziziritsa batire, achotseni. Mukapeza ina yopanda dzina, chizindikiro chake choyera poti mbuu, imeneyo ndiye ichoke msanga, imabisala dala. Ndipo anyamata aja okuikirani nyimbo pamsika asamakuthirireninso mapulogalamu kuchokera mufoni zawo kapena pa memory card. Chilichonse chizichokera pa Play Store, kumene kuli kamlonda kotchedwa Play Protect. Sikagwira mbava zonse, komabe kulipo.

Tadikirani pang'ono, mwana wagwetsa ketulo.

Eya, ndabwera. Uthenga uwu ndi wachiwiri.

Tsopano nkhani ya browser. Browser ndi khomo limene mumalowera pa intaneti, ndipo makomowa alipo ambiri, si Chrome yokha. Chrome ndi ya Google. Ndalama za Google, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, zimachokera ku zotsatsa malonda zomwezi. Ndiye kuyembekezera kuti iwowo akutsekereni malonda onse kuli ngati kuuza fisi kuti alondere khola. Pa foni za Android, Chrome salola n'komwe kuikamo timapulogalamu totsekera malonda. Imene imalola ndi Firefox. Muitenge pa Play Store, muitsegule, timadontho titatu tija, Extensions, mupeze dzina loti uBlock Origin, mudine kuti ilowe. Ndi yaulere. Ine ndimagwiritsa imeneyo. Tsamba limene pa Chrome limayamba latulutsa makanema awiri a malonda ndisanawerenge mzere woyamba, pa Firefox limangobwera nkhani yokhayokha, ndipo data imapita yochepa chifukwa makanema amalondawo munkawalipira ndinu.

Ndikudziwa achimwene ku Lilongwe anena kuti bwanji Brave. Brave ndi yabwino, imabwera itatseka kale malonda. Koma inamangidwa pa maziko omwewo a Chrome, ndiye pa foni yakale ngati ya amalume sindikuilimbikitsa, ndifotokoza chifukwa chake posachedwa. Opera Mini nayo anthu amaikonda chifukwa ndi yopepuka, imafinya masamba kuti adye data yochepa. Kungoti kufinyako kumachitikira pa makompyuta a eni ake, ndiye zimene mukuwerenga zimadutsa kaye m'manja mwawo. Powerenga zotsatira za mpira palibe vuto. Za ku banki, ayi.

Pali kanthu kenanso, koma ngati kakuvutani kasiyeni, ndidzakupangirani ndekha. Kuyambira pa Android 9 muli malo otchedwa Private DNS, mkati mwa Settings, pa Network & internet. Mukalembamo dns.adguard-dns.com, malonda ambiri a mkati mwa mapulogalamu, ngati a m'magemu amene zidzukulu zimasewera, amasiya kubwera. A pa Facebook ndi YouTube satha, chifukwa amenewo amatulukira khomo limodzi ndi zinthu zimene mukufuna kuona. Komanso mudziwe kuti mukatero maina a masamba amene mukutsegula akudutsa kwa kampani ya AdGuard. Ine ndinavomera zimenezo, koma ndinavomera ndikudziwa.

Ndinene izinso, mwina ena mukwiya. Masamba a nkhani a kuno kwathu amadyera malonda omwewa, atolankhani aja salipidwa ndi mphepo. Ndiye awiri atatu amene ndimawerenga tsiku lililonse ndinawasiyira kuti azionetsa malonda awo. Pa uBlock pali batani lozimitsira pa tsamba limodzi lokha. Za kubetcha ndi za zithunzi zija ndiye ndilibe nazo chisoni.

Za bandulo, si malonda okha akukudyerani. Gulu lathu lomwe lino, azakhali pepani, makanema a kwaya asanu pa tsiku, onse amalowa okha mufoni ya amalume ngakhale asanawatsegule. Pa WhatsApp pitani Settings, Storage and data, pamene palembedwa za mobile data muchotse makanema ndi zithunzi kuti zizilowa mukadina nokha. Pa Facebook muzimitse zoti makanema aziyamba okha. Komanso poti inu mumakhala m'malire, msewu wa M1 womwewo mbali ina ndi Mozambique, muonetsetse kuti Data roaming ndi yozimitsa. Ine ndikamadutsa cha ku Lizulu ndi ku Tsangano foni yanga imandilandira kuti ndafika ku Mozambique ndili phee mu minibasi.

Mlongo wanga walemba apa kuti muzingotsegula Incognito, palibe angakuoneni. Achemwali, ayi. Incognito imangothandiza kuti munthu wina akagwira foni yanu asaone zimene munatsegula, basi. Eni tsamba akukuonani, kampani ya netiweki ikudziwa kumene mwalowa, ndipo mukalowa pa Facebook ndi dzina lanu ndiye mwadziulula nokha. Google yomweyo inasumiridwa ku America pa nkhani imeneyi, anthu akudandaula kuti ankawatsatira ali pa Incognito, ndipo mu 2024 inavomera kufufuta zambiri zimene inasonkhanitsa. Ndiye musamaione ngati mankhwala osaonekera.

Wachitatu uwu, ndi womaliza, batire yanga yafika pofiira.

Mnyamata wa pamsika uja pali pamodzi pamene sananame. Foniyo yakalamba. Osati thupi lake, sikirini ili bwino, batire ikugwira, koma za mkati. Pachithunzi chija mwatumiza dzulo palembedwa Android 9. Android 9 inatuluka mu 2018. Mukapita pa Settings, About phone, mupezanso mzere wolembedwa security patch kapena security update, pali deti. Deti limenelo ndi tsiku lomaliza limene opanga foni anamata ming'alu. Nkhokwe inu mukuidziwa, chaka chilichonse imafuna kuiona, pamene pang'ambika kumata, apo ayi makoswe apeza polowera. Foni ndi chimodzimodzi. Akuba a pa intaneti amapeza mng'alu watsopano, opanga foni amatumiza update yomata. Akasiya kutumiza, nkhokwe ija imaimabe, chimanga chilimo, koma womata palibenso.

Ndiye mapulogalamu nawo amayamba kukusiyani mmodzimmodzi. Chrome inasiya kutumiza zatsopano ku Android 8 ndi 9 mu August 2025, yomaliza inali nambala 138. Ndi chifukwa chake mukamadina update sizikusintha kanthu, si netiweki ya ku Lizulu ayi. Imatsegukabe, koma yaima pamenepo. Firefox ikadalandirabe zatsopano pa Android 9, ndiye ndikukukankhirani kumeneko, osati chifukwa cha malonda okha. WhatsApp musadandaule nayo panopa, iyo mu October 2023 inasiya mafoni a pansi pa Android 5, inu muli kutali.

Pakadali pano za ndalama zizidutsa njira yakale ija yoimba, *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba. PIN yanu isalembedwe pa tsamba lililonse limene mwafikapo chifukwa chodina linki, ngakhale litakhala ndi chizindikiro cha kampani chooneka bwino bwanji. Chimodzimodzi chithunzi cha chiphaso cha unzika, mapulogalamu a ngongole aja ofuna chiphaso ndi chilolezo chowerenga manambala onse a mufoni, mukachedwa kubweza amayamba kuimbira abale anu. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu lilipo, linabwera mu 2024 ndipo amaliyang'anira ndi a MACRA. Koma tsamba lopanda adiresi, loti mwini wake ali kutsidya kwa nyanja, mukamugwira kuti?

Mukadzagulitsa mbatatesi, apo ndiye tidzakambe za foni ina, mosathamanga. Ndipo podzagula musadzayambe ndi kufunsa kuti kamera ndi zingati. Ogulitsa amadziwa kuti timakopeka ndi timaso tambirimbiri ta kumbuyo tija. Funso loyamba likhale lakuti ili pa Android chani, lachiwiri, idzalandira update zaka zingati. Masiku ano makampani ena amalonjeza poyera. Google inalonjeza zaka 7 pa Pixel 8 ya 2023, Samsung nayo zaka 7 pa Galaxy S24 ya 2024, koma amenewo mtengo wake ndi wa ng'ombe. Yotsikirapo ngati Galaxy A16 analonjeza zaka 6. Wogulitsa akamakanda m'mutu osadziwa yankho, munditumizire dzina la foniyo ndione kaye musanatulutse ndalama.

Chenjerani makamaka ndi zakaunjika, zobwera ndi anyamata a ku Joni. Zaka zija amawerenga kuchokera pamene foniyo inatuluka ku fakitale koyamba, osati tsiku limene inu mwaigula. Mukhoza kugula yonyezimira, ya mu bokosi, koma zaka zake zinatha kale. Mnzanga wina kusukulu kuno anagula iPhone 6 motchipa, akunyadira kuti wagwira iPhone, osadziwa kuti WhatsApp inasiya kugwira pa foni zimenezo mu 2025. Pano ana ake akuonerapo zithunzi.

Ndiye lero chitani ziwiri zokha, Notifications pa Chrome ndi kuchotsa tsache lija. Mukatha mundijambulire sikirini ndione. Zinazo Loweruka ndikupita ku Ntcheu boma, ndidzatsika pa Lizulu cha m'ma 9 koloko, mudzandipeze pamene pamaima ma minibasi. Mubwere nayo ili yotchaja, ndipo pasiwedi ya Gmail yanu muyambe kuikumbukira panopa, musadzandiuze kuti anakutsegulirani ndi mnyamata wa pamsika. Azakhali andisungireko kabichi awiri ndi kandowa ka mbatatesi, zazikuluzikulu zija, osati za mbewu.