Ukazembe wa ku Mangochi umayambira pa Chiponde

Achimwene, mwafunsa ngati wachinyamata wa ku Mangochi angalowe nawo pa nkhani za ukazembe ndi mgwirizano wa mayiko, kapena ngati ndi za ana a mabwana a ku Lilongwe okha. Njira zilipo ziwiri, koma ambiri amalimbirana yopapatiza.

Yopapatizayo ndi ya ku Capital Hill. Ntchito ya ku unduna woona za ubale wa dziko lino ndi mayiko ena imafuna digiri, ndipo malo amapezeka mwa apo ndi apo. African Union ili ndi ndondomeko yotumiza achinyamata kukagwira ntchito mongodzipereka kwa miyezi 12, yomwe idayamba mu 2010, koma nayonso imafuna pepala la kuyunivesite ndi pasipoti. Pangano lake la achinyamata la 2006 limati wachinyamata ndi wa zaka 15 mpaka 35.

Njira inayo ili pakhomo panu. Mukadutsa geti la pamalire la Chiponde mwafika ku Mandimba, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, ndipo Chiyao cha ku Namwera ndi chomwe akuyankhulanso ku Niassa. Chomwe chimasowa ndi Chipwitikizi. SADC imagwira ntchito m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo mu 2019 idawonjezera Chiswahili. Wodziwa Chiyao, Chingerezi ndi Chipwitikizi amafunidwa pa zokambirana za pamalire, poti akuluakulu ambiri a mbali ziwirizi samvana popanda womasulira.

Osayenda nokha. Yambitsani kalabu, lembani malamulo ake, mukaionetse kwa mkulu woona za achinyamata paboma, kenako muilembetse ku National Youth Council of Malawi. Gulu losalembetsa sililandira kalata yoitanira ku msonkhano.

Kenako gwirani nkhani imodzi yokha yokhudza mbali zonse ziwiri. Kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, Mangochi idali pakati pa maboma omwe adavutika kwambiri, ndipo ku Niassa idabukanso nthawi yomweyo. Matenda safunsa chiphaso pageti. Nsomba nazo ndi chimodzimodzi: kuno tikatseka nyanja mu Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, msodzi amafunsa chifukwa chomwe iye aleke pomwe akuganiza kuti mnzake wa tsidya lina akuvuula. Makomiti a asodzi a m'madoko, omwe adayambira ku Malombe mu 1993, ndiwo poyambira pabwino.

Pokonza msonkhano ndi anzanu a ku Mandimba, yambani mwawonekera kwa mfumu, kenako tengani kalata ya kwa DC, ndipo aliyense akhale ndi chiphaso chowolokera. Zomwe mwagwirizana zilembedwe m'ziyankhulo ziwiri, aliyense asainire, tsiku lokumananso lilembedwe pomwepo. Magulu ambiri amafera apa: amajambulitsa zithunzi, amagawana alawansi, palibe wolemba, ndiye ndalama za wothandiza zikatha nkhani yathanso.

Pa zamalonda chenjerani. Ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa, yopeputsira amalonda ang'onoang'ono imagwira ntchito ku Mchinji polowa Zambia, koma Mozambique si membala wa COMESA. Mukauza mayi wogulitsa usipa kuti ayendera ndondomekoyo pa Chiponde, katundu wake akagwidwa mlandu ndi wanu. Funsani kaye a MRA pageti pomwepo.

Ndipo za malire zisiyeni m'manja mwa boma. Mkangano wa nyanja ndi Tanzania umachokera ku pangano la Britain ndi Germany la 1890, ndipo atsogoleri akale a Mozambique, South Africa ndi Botswana, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, adayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi osaumaliza. Kalabu yanu ikayamba kulemba pa Facebook kuti mudzi wakuti ndi wathu, anzanu a tsidya lina saloledwanso kubwera ku msonkhano wachiwiri.