Mkonzi wandibwezera pepala chifukwa cha kalembedwe ka magwero

Funso: Ndinatumiza pepala la kafukufuku wanga ku magazini ina ya zaumoyo, koma landibwerera lisanafike n'komwe kwa akatswiri oliunika. Mkonzi wati magwero amene ndatchula sanalembedwe motsatira Vancouver, pomwe ine ndinatsatira APA monga tinkalembera ku yunivesite. Kodi mipumiro ndi mipatuliro ndi chifukwa chokwanira chobwezera ntchito yonseyi? Nanga ndiyambire pati pokonza? Ndine wophunzira wa digiri yachiwiri.

Yankho: Pepani kuti zakugwerani zotere, koma musataye mtima, pakuti mkonziyo sanatsutse zimene munapeza pa kafukufuku wanu. Magazini ambiri amayamba aona ngati pepala latsatira malangizo awo asanalipereke kwa akatswiri oliunika, omwe kawirikawiri amagwira ntchitoyi osalandirapo kanthu.

Kusiyana kwa APA ndi Vancouver kumapitirira pa mipumiro ndi mipatuliro. Kalembedwe ka APA n'ka bungwe la American Psychological Association, ndipo mtundu wachisanu ndi chiwiri wa buku lake la malangizo unatuluka mu 2019. Kumeneko mumalemba dzina la mlembi ndi chaka m'kati mwa chiganizo, kenako kumapeto kwa pepala mumasanja magwero motsatira alifabeti. Kalembedwe ka Vancouver kanachokera pa msonkhano wa akonzi a magazini a zamankhwala womwe unachitikira mumzinda wa Vancouver ku Canada mu 1978. Apa gwero lililonse limapatsidwa nambala malinga ndi pamene laonekera koyamba m'pepala, ndipo limasunga nambala yomweyo ngakhale mulitchule kangati. Ndiye kuti mndandanda wanu wonse uyenera kusanjidwanso kuchokera pachiyambi. Komanso mukadzasamutsa ndime imodzi kuchoka kumapeto kupita kumayambiriro, gwero lomwe linali nambala 23 likhoza kukhala nambala 4, ndipo manambala onse a pakati pa awiriwo amasuntha nawo. Pamenepa ndi pomwe olemba ambiri amaphonya, owerenga n'kumalozeredwa pepala lomwe silikunena zimene chiganizocho chikunena.

Pali zinanso zing'onozing'ono. APA imalola kulemba mayina a alembi mpaka 20 pa mndandanda, pomwe magazini ambiri otsatira Vancouver amalemba 6 oyamba n'kuwonjezera mawu a Chilatini akuti et al., kutanthauza kuti ndi ena. APA imafuna dzina lonse la magazini m'zilembo zopendekera, koma Vancouver imalifupikitsa motsatira mafupikitsidwe a National Library of Medicine ya ku America, osati mmene inu mwaganizira.

Poyambira penipeni ndi tsamba la malangizo kwa olemba la magazini yomwe mukutumizako. Liwerengeni lonse, kenako tsegulani mapepala awiri kapena atatu amene magaziniyo yasindikiza posachedwa kuti muone ndi maso anu mmene magwero akuonekera. Ndikutsindika zimenezi chifukwa magazini awiri akhoza kunena kuti onse amatsatira Vancouver, koma ina n'kumaika nambala m'mikutiramawu pomwe inayo imaikweza pamwamba pa mzere. Kwa amene amatsatira kalembedwe kena ka magwero kotchedwa Harvard vutoli n'lokulirapo, popeza kalembedwe kameneko kalibe bungwe limodzi lokayang'anira. Malangizo a magazini akasiyana ndi zomwe munaphunzira m'kalasi, tsatirani a magazini.

Ngati magwero anu ndi ambiri, musawasinthe pamanja. Mapulogalamu a pa kompyuta monga Zotero, yomwe ndi yaulere, Mendeley, kapena EndNote, yomwe ndi yogula, amasunga magwero onse pamodzi, amasintha kalembedwe mukangosankha kena, ndipo amakonza manambala okha mukasuntha ndime. Komabe ndikuchenjezeni kuti pulogalamu imatulutsa zimene inapatsidwa, zolondola ndi zolakwika zomwe. Lipoti la World Health Organization likalowetsedwa ngati kuti mlembi wake ndi munthu, limatuluka pa mndandanda lili Organization WH, ndipo mitu ya mapepala ena imabwera yonse m'zilembo zazikulu kapena ilibe manambala a masamba. Zoterezi muzikonzere m'pulogalamu momwemo, chifukwa mukakonzera m'pepala mokha zidzabwereranso pamene mndandanda udzasanjidwenso.

Kwa ine, ntchito yofunika koposa ndi imene pulogalamu singakugwirireni. Gwero limalembedwa kuti wowerenga wokayika akalipeze n'kudzionera yekha ngati likunenadi zimene inu mwanena. Choncho tengani gwero lililonse palokha, mutsegule pepala lenilenilo, n'kufananitsa mayina, chaka, voliyumu ndi masamba. Mapepala ambiri a masiku ano ali ndi DOI, nambala yosasintha yoyamba ndi 10 ndi mpumiro, yomwe imakufikitsani pa pepalalo ngakhale adiresi yake ya pa intaneti itasintha. Yesani DOI iliyonse kuti mutsimikize kuti ikutsegula pepala lomwe mukulitchula, ndipo muli pomwepo onaninso ngati magazini yomwe inalisindikiza sinalichotse pambuyo pake chifukwa cha zolakwika. Musakopere gwero pa mndandanda wa mlembi wina popanda kuliwerenga nokha, pakuti mumatengera zolakwa zake zomwe. Chenjezo lomweli likukhudza mapulogalamu a AI olemba nkhani, omwe nthawi zina amapeka mitu ya mapepala amene sanalembedwepo, mayina ndi zaka zomwe zikuoneka ngati zoona.

Mukatero, onetsetsani kuti gwero lililonse lotchulidwa m'kati mwa pepala lili pa mndandanda, ndiponso kuti pa mndandandapo palibe gwero lomwe silinatchulidwe m'kati. Musaiwale magwero a pansi pa matebulo ndi zithunzi, chifukwa nawonso amalandira manambala. Magazini ena amafuna kuti muchotse kulumikizana kwa pepala ndi pulogalamu ya magwero musanatumize. Chitani zimenezi pa kope lina, n'kusunga loyambalo kuti mudzathe kusintha akatswiri akadzapempha. Potumizanso, lemberani mkonzi kalata yaifupi yomuthokoza ndi kumudziwitsa kuti magwero onse mwawakonza motsatira malangizo a magaziniyo.