Mafunso ndi Mayankho: Sewero Lathu Lingafike Bwanji pa Nsanja za Kunja?

FUNSO: Akonzi, ndimatsogolera gulu la zisudzo ndi magule la achinyamata 9 kuno ku Zomba. Tili ndi sewero latsopano lokamba za kusefukira kwa madzi, ndipo amene analionera m'maholo a sukulu akutilimbikitsa kuti tipite nalo kunja. Tinamva kuti ku Edinburgh Fringe aliyense amaloledwa kukasewera. Kodi tiyambe kusonkha ndalama za ndege? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Zimene munamvazo n'zoona, koma sanakuuzeni nkhani yonse. Chikondwerero cha Edinburgh Fringe, ku Scotland, chinayamba mu 1947 pamene magulu 8 a zisudzo amene sanaitanidwe ku Edinburgh International Festival anangopita okha n'kukasewera m'maholo ena a mumzindawo, ndipo mpaka lero kulibe komiti yosankha amene ali woyenera. Komabe popeza palibe wakuitanani, palibenso wokulipirirani. Ndalama yolembetsera, lendi ya holo, malo ogona mumzinda umene mitengo imakwera kwambiri m'mwezi wa August, ndiponso mapepala oitanira anthu, zonsezi zimachokera m'thumba mwanu, kenako mumalimbirana oonerera ndi masewero ena oposa 3,000. Magulu ambiri, ngakhale a ku Britain komweko, amabwerako ali ndi ngongole. Choncho sindingakulangizeni kuti ulendo wanu woyamba ukhale umenewu.

Njira imene imapindulitsa gulu longa lanu ndi yochita kuitanidwa, chifukwa pamenepo eni chikondwerero amalipira mayendedwe, malo ogona ndi malipiro a osewera. Anthu osankha masewero m'zikondwerero zikuluzikulu amakonza ndondomeko zawo kudakali chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo nthawi zambiri amafuna kuona ntchitoyo ndi maso awo asanaitane munthu. Ntchito yanu tsono ndi yokaonekera kumene iwo amabwera kudzafunafuna zatsopano. Ku Makhanda, m'dziko la South Africa, kuli National Arts Festival imene inayamba mu 1974, ndipo ili ndi chigawo chotsegukira aliyense. Kumeneko mukhoza kufikako pa basi. Ku Abidjan kuli msika wa zaluso wa MASA, umene unayamba kuchitika mu 1993 n'cholinga chokumanitsa akatswiri a mu Africa ndi anthu oitana masewero. Oimba athu anadzera njira ngati yomweyi: Madalitso Band inakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo maulendo ake a ku Ulaya anatsatira pambuyo pake. Musapeputsenso nsanja za kuno kwathu monga Tumaini Festival ya ku Dzaleka, imene yakhala ikuchitika kuyambira mu 2014, chifukwa nakonso kumafika alendo ochokera m'mayiko ena.

Koma nkhani yaikulu kwa ine ndi ya sewero lenilenilo. Sewero loyenda maulendo limakonzedwa kuti liziyenda kuyambira tsiku loyamba loyeserera, osati kulidulira mbali zina pamene kalata yoitana yafika kale. Anthu 9 ndi matikiti a ndege 9, maviza 9 ndi mabedi 9 usiku uliwonse, ndipo woitana amayamba kuwerengetsa zimenezi asanafunse n'komwe kuti seweroli likunena chiyani. Taganizirani za Woza Albert!, sewero limene Percy Mtwa, Mbongeni Ngema ndi Barney Simon anakonza ku Market Theatre mumzinda wa Johannesburg mu 1981. Pa nsanja pankakhala amuna awiri okha, mabokosi awiri amatabwa ndi thabwa lopachikapo zovala, ndipo wosewera akafuna kusanduka mzungu ankangovala kamphuno kapinki kamene kanali lende pakhosi pake. Anthu awiriwo ankasanduka wometa tsitsi, mayi wotola zakudya m'mabini, wapolisi, ngakhale sitima yapamtunda, pogwiritsa ntchito matupi ndi mawu awo basi. Kuchepa kwa katundu sikunafooketse seweroli. M'malo mwake n'kumene kunalipatsa mphamvu, n'kulithandizanso kufika ku Edinburgh, ku London ndi ku America. Khalani pansi ndi gulu lanu n'kudzifunsa moona mtima ngati nkhani ya madzi osefukira ikufunikadi anthu 9, ndiponso ngati katundu wanu yense angalowe m'masutukesi a makilogalamu 23.

Pali zinthu zitatu zimene woitana aliyense adzakupemphani. Choyamba ndi kanema wa sewero lonse wojambulidwa ndi kamera yokhazikika, mawu akumveka bwino, osati tizidutswa ta pa foni. Chachiwiri ndi chikalata chotchedwa technical rider, chofotokoza kukula kwa nsanja imene mukufuna, magetsi owunikira, zokuzira mawu ndi maola ofunika kukonzekera holo. Chachitatu ndi munthu mmodzi woyankha makalata mwachangu ndi kusunga bajeti, amene azisudzo amamutcha prodyusa. Magulu athu ambiri amasenzetsa ntchito imeneyi kwa dairekitala amene alinso wolemba ndi wosewera, ndipo kalata yofunika imatha kukhala milungu osayankhidwa mpaka mwayi n'kupita kwa ena.

FUNSO: Sewero lathu lili m'Chichewa. Kodi tilimasulire m'Chingelezi kuti alendo alimve? Wowerenga wa ku Kasungu.

YANKHO: Musafulumire kutero. Zikondwerero zikuluzikulu monga cha ku Avignon ku France zimaonetsa masewero a zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo oonerera amawerenga mawu omasulira amene amaonetsedwa pamwamba pa nsanja pamene wosewera akulankhula. Wosewera akamalira kapena kunyoza m'chilankhulo chimene anayamwira, thupi lake lonse limalankhula nawo, ndipo zimenezi zimazilala akamalimbana ndi mawu achilendo oloweza pamtima. Chimene muyenera kuikapo mtima ndi kupeza womasulira waluso amene angafupikitse chiganizo chilichonse kuti chiwerengeke msanga, komanso munthu wodziwa Chichewa woti azisintha mawuwo pa kompyuta mogwirizana ndi liwiro la osewera. Munthu ameneyu muzimuwerengera pa ulendo monga mmodzi wa gulu, ndipo aziyeserera nanu limodzi.

Ndiwonjezepo chenjezo pa nkhani yoyandikana nayo. Oitana ena amayembekezera kuti gulu lochokera ku Africa libwera ndi ng'oma, nthenga ndi zigoba, ndipo pamakhala chiyeso choti muike gule pamene nkhani siikumufuna. Gule Wamkulu ndi Vimbuza analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, koma kulengezedwako sikupatsa aliyense chilolezo chowasandutsa zokometsera sewero. Ali ndi eni ake ndiponso miyambo yake. Ngati luso lanu lamakono likutapa kayendedwe ka thupi kapena kaimbidwe ka ng'oma kuchokera kumeneko, kambiranani ndi akuluakulu osunga mwambowo, ndipo mukhale okonzeka kufotokozera alendo chimene mwabwereka ndi chimene mwasiya mwadala.

FUNSO: Talandira kalata yotiitana ku chikondwerero china ku Germany. Akuti tigule tokha matikiti, adzatibwezera tikafika. Kodi tivomere? Wowerenga wa ku Lilongwe.

YANKHO: Ndikukuyamikirani, koma walira mvula walira matope, ndipo kalata yoitana ndi chiyambi chabe cha zokambirana. Musagule kanthu musanasainirane mgwirizano wolembedwa. Mgwirizanowo utchule malipiro a sewero lililonse, alawansi ya chakudya ya tsiku ndi tsiku, wolipira matikiti, maviza ndi inshuwalansi, komanso chimene chidzachitike ngati chikondwerero chalephereka kapena wosewera mmodzi wamanidwa viza. Funsani ngati ndalama imene atchulayo ndi yochotseratu msonkho, chifukwa mayiko monga Germany ndi Britain amadula msonkho pa malipiro a akatswiri ochokera kunja. Onetsetsani kuti malipiro alembedwa mu mayuro, pokumbukira kuti mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti nthawi imodzi, ndipo gulu limene linagwirizana mtengo mu makwacha likanaluza kwambiri. Pa za matikiti, apempheni mwaulemu kuti agule okha kumeneko, n'kuwafotokozera za kusowa kwa ndalama zakunja kuno kwathu; woitana wodalirika amamvetsa zimenezi. Ngati alibedi ndalama ya mayendedwe, akupatseni kalata yokuthandizani kupempha thandizo ku mabungwe a zachikhalidwe monga Goethe-Institut.

Viza ya Schengen, yolowera ku Germany ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya, imalola munthu kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, ndipo imafuna inshuwalansi ya zaumoyo yokwana mayuro 30,000. Pempho mukhoza kulipereka kudakali miyezi 6, choncho musadikire mwezi womaliza, makamaka ngati ena mwa osewera alibe pasipoti. Akuluakulu oona za viza amafuna umboni wakuti mudzabwerera, motero sonkhanitsani satifiketi yolembetsera gulu lanu, makalata a kubanki, nkhani za m'nyuzipepala zokamba za ntchito yanu ndiponso ndondomeko ya masewero amene mudzachite mukabwerako. Ngati mukunyamula ng'oma zachikopa kapena nthenga, funsani msanga malamulo olowetsera zinthu zochokera ku nyama.

Mukambiranenso momasuka ndi osewera onse musananyamuke za kubwerera tsiku limene viza yanena, chifukwa munthu mmodzi akatsalira kumeneko, chikondwererocho chimaopa kuitananso gulu lanu, ndipo mapempho a viza a magulu ena a kuno kwathu amayamba kuunikidwa mokayikira. Pomaliza, afunseni eni chikondwerero ngati angakulumikizeni ndi maholo ena awiri kapena atatu a m'mizinda yoyandikana nayo, kuti mtengo wa ndege ugawidwe pakati pa oitana angapo ndipo osewera anu alandire malipiro a masiku ochulukirapo.