Kodi Nkhope ya pa Mars Inasemedwa ndi Ndani?

Funso: Zikomo a Mkonzi. Pa gulu lathu la WhatsApp la Amalawi okhala muno mu Johannesburg pakuyenda chithunzi cha nkhope ya munthu pa pulaneti la Mars, ndipo ena akuti inasemedwa ndi zolengedwa zanzeru. Kodi zimenezi n'zoona? Mayi wa ku Rosettenville.

Yankho: Mayi, chithunzicho si chabodza ayi, koma anthu akuchimasulira molakwika. Chinajambulidwa mu 1976 ndi chombo cha NASA (bungwe la ku America lofufuza zamlengalenga) chotchedwa Viking 1 m'dera la Cydonia dzuwa litapendeka kwambiri, moti mithunzi ya paphiri inaoneka ngati maso ndi pakamwa, pomwe kadontho kakuda kooneka ngati bowo la mphuno kanabwera chifukwa uthenga wa chithunzicho unasokonekera panjira. Chombo china, Mars Global Surveyor, chitajambulanso malowo mu 1998 ndi 2001 ndi kamera yamphamvu, panaoneka phiri lokokoloka, lathyathyathya pamwamba. Ubongo wa munthu umafulumira kuona nkhope paliponse, ngakhale m'mitambo.

Kwa ine, chodabwitsa chenicheni ndi timiyala tosalala tozungulira timene galimoto yofufuzira ya Curiosity inapeza ku Gale Crater, chigwa china cha pa Mars pomwepo, mu 2012, umboni wakuti kalekale kumeneko kunkayenda mtsinje.