Keke ya kalulu, komanso mkango wanga uja unasanduka pusi

Asisi ena a ku Chinamwali andilembera imelo kuti mwana wawo akukwanitsa zaka 3 mwezi wamawa, akufuna keke yooneka ngati nyama koma chitini chapadera alibe. Asisi, nditawerenga ndaseka ndekha mpaka bambo a kunyumba kufunsa ngati mutu ukukoka bwino, chifukwa mwandikumbutsa mkango wanga.

Mwana wanga wachiwiriyu akukwanitsa zaka 4 ndinaona chithunzi pa Facebook, mkango wa manyenje achikasu, nde ndinati aaa izi nzosavuta. Unali October, mukudziwa momwe Zomba imawotchera nthawi imeneyo ngakhale anthu a ku Blantyre amaganiza kuti kuno kumangozizira chifukwa cha phiri. Ndinatsikira ku msika, Blue Band, icing sugar, kala wachikasu, zonse. Keke ili mu uvuni magetsi thii. Ndinathamangira pa mbaula, mchenga mu poto wamkulu, chitini pamwamba pa mchengawo, makala ena pa chivindikiro ngati momwe agogo ankaphikira chigumu, koma moto ndinachulutsa nde pansi panapserera pakati padakali paphalaphala. Ndinapala zopsererazo, alendo ayamba kale kufika, ndikupaka icing keke ikadali yotentha. Mayo ine. Manyenje onse anayenderera, diso limodzi linatsikira pa tsaya. Apongozi anali atabwera kuchokera ku Thondwe, anayang'anitsitsa kenako akuti "apongozi, chinyamachi chikudwala?" kkkk ndinalowa kuchipinda kukalira, sindikunama.

Mwini wake atalowa anangokuwa kuti "pusi wanga!" nkuyamba kunyambita khutu. Mpaka lero amakamba za keke ya pusi.

Nde ndinene chilungamo ngakhale ena andida. Makeke ambiri a ana masiku ano sitikupangira ana, tikupangira status ya WhatsApp. Fondant, icing yolimba yoyala pamwamba pa keke ija, imaoneka bwino pa chithunzi, koma taonani mbale za ana phwando likatha, amayisenda ngati khoko la nthochi nkuyisiya. Ndalama zake munthu utha kugulira mwana nsapato. Ndipo phwando la mwana wa zaka 3 likhala bwanji ndi akuluakulu 30, DJ, ana asanu okha, mwini tsiku atagona ndi phokoso pa nsana pa azakhali? Ine zimenezo ndinasiya. Chomwe ndimaonongerapo ndalama ndi ma strawberry a ku phiri basi, aja anyamata amagulitsa mu msewu wopita ku Ku Chawe, koma musagule mtengo woyamba, akaona galimoto amayesa ndinu alendo, ndipo muziyang'ana pansi pa kabasiketi chifukwa zofewa amabisa kumeneko.

Tsono kapangidwe kake

Pangani kalulu, mkango usiyeni. Kalulu mwana amamudziwa kale mu nthano, ndipo akufuna zitini ziwiri zozungulira basi, za 20cm, ngakhale mapoto ang'ono ofanana. Majarini 250g, shuga 250g, takasani mpaka ziyere, mazira 4 limodzilimodzi, fulawa wa self-raising 250g, kamkaka pang'ono. Uvuni pa 180°C, mphindi 25 mpaka 30, mukabaya ndi mpeni utuluke woyera. Pa mbaula makala akhale ochepa pansi, ambiri pamwamba.

Phikani usiku woti mawa lake ndi phwando, chonde, igone izizire. Keke imodzi ndi nkhope. Inayo dulani mbali ziwiri mokhota ngati mwezi, amenewo ndi makutu, chotsala pakati chimaoneka ngati tayi wa bowu, muike pakhosi. Icing ndi majarini 150g ku icing sugar 300g, pakani kaye mopyapyala kuti nyenyeswa zigwire, dikirani, nkupakanso. Kokonati wopala pamwamba ndi ubweya umenewo, amabisanso zolakwika zonse. Mphuno strawberry, maso ndi ndevu icing wa koko mu kajumbo kodula pa kona. Zotokosera mmano ndi maswiti olimba ang'onoang'ono musaikemo, wa zaka 3 atha kutsamwa.

Mukapanga munditumizire chithunzi asisi, ngakhale atatuluka ngati mbewa, ndikaonetse apongozi.