Kodi n'chikondi kapena n'kukakamizidwa? Yankho kwa mayi wa ku Leeds

Mayi wina amene amasamalira okalamba ku Leeds wanditumizira imelo. Akuti mnzake wa kuntchito wochokera ku Philippines amabwera ndi chakudya chambiri tsiku lililonse n'kumagawira aliyense, koma malipiro ake ambiri amatumiza kwawo kulipirira mng'ono wake sukulu ya unamwino. Akufunsa ngati mnzakeyo amachita zimenezi mwa kufuna kwake kapena achibale amamukakamiza.

Amayi, zonse ziwiri n'zoona, ndipo kwa anthu a ku Philippines kudyetsana ndi kuphunzitsana sizisiyana.

Tiyambe ndi chakudyacho. Kawirikawiri chimakhala adobo, nkhuku kapena nkhumba yophikidwa ndi viniga, soya sosi, adyo ndi tsabola wakuda. Viniga ndi mcherewo zimathandiza kuti ndiwo isasase msanga, choncho mayi wa kumudzi amaphika mphika wathunthu n'kupatsira mwana wopita ku Manila kuti adyere mpunga masiku angapo. Amamuikiranso tuyo, tinsomba touma tothira mchere wambiri. Zikatha, wophunzirayo amakadya pa carinderia, timalo ta m'mbali mwa msewu pomwe miphika imandandalikidwa, iwe n'kungoloza ndi chala ndiwo imene thumba lako lingakwanitse. Dera la mayunivesite ambiri ku Manila lotchedwa University Belt, komwe kuli University of Santo Tomas yomwe inakhazikitsidwa mu 1611, ladzaza ndi malo oterewa. Kumbuyo kwa miphikayo kumaima azimayi amene nawonso akusaka fizi ya ana awo. Ena amadzuka usiku kukulunga suman, mpunga womata wophikidwa ndi mkaka wa kokonati m'masamba a nthochi, kuti kukacha akagulitse.

Mu 2017 Pulezidenti Rodrigo Duterte anasaina lamulo la Republic Act 10931 lochotsa fizi m'mayunivesite ndi m'makoleji aboma. Ndi lamulo labwino, ndipo lathandiza ana ambiri a anthu osauka. Koma malo m'sukulu zaboma ndi ochepa, moti ambiri amapitabe ku makoleji olipira. Ngakhale wophunzira ulereyo amafunika lendi, thiransipoti, yunifomu ndi chakudya. Apa ndi pamene banja lonse limasonkha. Ninong ndi ninang, omwe anaimira mwanayo pa ubatizo, amaponyapo kangachepe. Mayi amalowa paluwagan, yomwe imayenda ngati chipereganyu chathu chija, n'kupempha kuti alandire mwezi wotsegulira sukulu. Katundu wamkulu amasenza ndi amene ali kunja. Anthu a ku Philippines ogwira ntchito m'mayiko ena amatumiza kwawo madola oposa 30 biliyoni pachaka, kuwonjezera pa makatoni otchedwa balikbayan odzaza zam'chitini, sopo ndi chokoleti.

Mtima wogawanawu sumathera m'banja. Mu April 2021, mliri wa Covid-19 uli mkati, mayi wina dzina lake Ana Patricia Non anaika kangolo ya nsungwi yokhala ndi mpunga ndi ndiwo zamasamba pa msewu wa Maginhawa ku Quezon City, pafupi ndi University of the Philippines, kuti wokhala nazo aikepo ndipo wosowa atengepo. Pasanathe masiku ambiri, anthu anayamba kuchita chimodzimodzi m'madera ambiri a dzikolo.

Tsopano ku mbali imene funso lanu lakhudza, yomwe imandiwawa. Kumeneko kuli chimene amati utang na loob: amene wakuthandiza uli naye ngongole ya mumtima, ndipo siitha. Wophunzitsidwa ndi banja amayembekezeka kuphunzitsa otsatira. Nthawi zambiri goli limeneli limagwera ate, mwana wamkazi wamkulu. Amachedwa kukwatiwa, amachedwa kumanga nyumba yake, amagwira mashifiti owonjezera, ndipo kunena kuti "mwezi uno sinditha" kumamuvuta chifukwa anthu amuona ngati wosayamika. Achinyamata akumeneko ayamba kulankhula poyera kuti mwana asamakhale penshoni ya makolo, ndipo ine ndikugwirizana nawo, ngakhale ndikudziwa kuti popanda ate ameneyo ana ambiri sakanalowa m'kalasi ya koleji.

Mng'ono wa mnzanuyo akamaliza, patsala mayeso a boma opezera chiphaso cha unamwino. Akakhoza, pageti pamapachikidwa chinsalu chachikulu chokhala ndi chithunzi chake, amawotcha lechon, nkhumba yathunthu, amaphika pancit, chakudya chooneka ngati sipageti, ndipo oyandikana nawo onse amaitanidwa. Malipiro ake oyamba akamabwera, amakhala atadziwa kale dzina la msuweni amene akudikira fizi.