Kasinja Wamng'ono wa M3 Stuart M'bokosi

Funso: Mwana wanga wa zaka 13 akufuna kulumikiza yekha kasinja wapulasitiki wa M3 Stuart, wopangidwa ndi kampani ya Tamiya, koma bokosilo sitinalitsegule. Kodi tiyembekezere zotani, ndipo angakwanitse? — Bambo wa ku Zomba

Yankho: Bambo, mwanayo wasankha bwino. M3 Stuart anali kasinja wopepuka wa ku America, wonyamula asilikali anayi ndi mfuti ya mamilimita 37, ndipo asilikali a Britain anamenya naye nkhondo m'chipululu cha kumpoto kwa Africa kuyambira mu 1941. Injini yake inali ya mtundu wa ndege, yozungulira, n'chifukwa chake thupi lake ndi lalitali chokwera poyerekeza ndi kufupika kwake.

Pa sikelo ya 1/35, kutanthauza kuti ndi wochepa ka 35 poyerekeza ndi kasinja weniweni, kasinjayu akatha amatalika pafupifupi masentimita 13, moti amakwana m'dzanja. M'bokosimo mupezamo tizidutswa tomatirira pa mafelemu apulasitiki, pepala la malangizo ndi zizindikiro zomwe zimamatidwa pozinyowetsa ndi madzi, koma guluu ndi penti mugula padera. Chimene ndimachikonda kwambiri ndi timitu ta misomali tondandana pa thupi lonse, ndipo n'tomwe timafuna chisamaliro, chifukwa guluu akachuluka amasungunula pulasitiki n'kutifufuta. Mwanayo azidula chidutswa chilichonse ndi kapulayala m'malo mochithyola, achipale pang'ono, achiyese kaye pamalo pake asanachimate.

Akwanitsa ndithu, malinga inu mukhale pambali pamene akugwira mpeni, ndipo mawindo akhale otsegula popaka penti.